Watha Kapena Wauma

Lolemba m'mawa abwana anamuitana Chidindo mu ofesi mwawo, anatseka chitseko, n'kumuuza kuti pofika Lachisanu akufuna kalata yochotsa ntchito kalipentala mmodzi. Dzina sanatchule. Anangoika chala pamzere wotsiriza wa pepala limene iye mwini anawabweretsera sabata yapitayo, pepala losonyeza kuchuluka kwa mipando imene kalipentala aliyense anapanga m'miyezi itatu. Pamzere umenewo panali a Mawa, alamu ake, akulu awo a amuna ake.

"Mdalayu watha, mayi," anatero abwana motsitsa mawu. "Sindikunyoza ayi. Manja amatha. Bambo anga omwe, amene anayambitsa fakitale ino, anafika pokanika kugwira hamala."

Chidindo anayankha kuti wamva, anatenga pepala lake n'kutuluka.

Dzina lakuti Chidindo anam'patsa ndi anthu a m'fakitale ya mipandoyo, chifukwa tchuthi, kalata ya kuchipatala, chenjezo, malipiro a pakutha pa mwezi, zonse zinkadikira kuti iye adindepo kaye. Iye sankadana nalo dzinalo. Analowa pakampaniyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo ngati wosesa m'maofesi ndi wophika tiyi, ndipo amene anam'pezera malowo anali a Mawa omwewo, iye atangokwatiwa kumene ndi mng'ono wawo. Kwa zaka zisanu ankati akaweruka, n'kuthamangira kusukulu yamadzulo, makope kukhwapa, mpaka anapeza setifiketi yoyang'anira antchito. Setifiketiyo inali pakhoma mu ofesi yake, m'felemu ya thabwa imene a Mawa anam'khomera osam'lipiritsa.

Abwana sanali munthu woipa mtima, ndipo Chidindo ankadziwa chimene chinkawadya m'mutu. Nthawi ya bambo awo fakitaleyo inkapanga mipando yotchipa yambirimbiri, ya m'makalasi, ya m'maholo, ya aliyense wongofuna pokhala. Kenako kunabwera mipando ya pulasitiki, yopepuka, yosanjikizana, yoti munthu agula inayi pamtengo wa umodzi wa thabwa. Abwana anaona kuti mpikisano wa kutchipa sangaupambane. Ndiye chaka chapitacho anasintha njira: mipando yochepa koma yolimba, yokwera mtengo, ya mahotela, malo odyera ndi maofesi. Anasintha kogula matabwa, anasintha vanishi, anajambulitsa maonekedwe atsopano, ndipo pageti anapachika chikwangwani cha zilembo zofiira: MPANDO WATHU UKAGWEDERA ZISANATHE ZAKA ZITATU, BWERANI NAWO, TIKUPATSANI WINA.

Ogula anabweradi. Koma patapita miyezi isanu ndi umodzi anayamba kubweranso, ulendo uno atanyamula mipando. Shedi ya kuseri inayamba kudzaza. Lonjezo la pachikwangwani linkadya phindu ngati chiswe, chamumtima, osaoneka, mpaka abwana anaona kuti pa akalipentala khumi ndi awiri mmodzi ayenera kupita. Nanga wopita akhale ndani kuposa amene akupanga zochepa?

Akanakhala munthu wina aliyense, Chidindo akanam'chonderera kwa abwana kuti asachotsedwe. Koma awa anali alamu ake, ndipo fakitale yonse inkadziwa zimenezo. Akanangotsegula pakamwa, anthu akanati khoswe wakhala pamkhate, ndipo kuyambira tsikulo chidindo chake chikanasanduka kamphira wamba.

Lachiwiri anatsikira m'fakitale ndi mafomu a tchuthi, ngakhale akanatha kuwapereka kwa kapitawo. M'katimo munali phokoso la masiku onse. Macheka a magetsi ankalira kumapeto, mahamala akugogoda, utuchi ukuyandama m'kuwala kolowera pamalata oonekera a padenga. Mabenchi khumi ndi awiri anali m'mizere iwiri. Pakati pankadutsa ngolo ya matayala anayi yotengera mipando kuchipinda cha vanishi, ndipo kapitawo ankaima pomwepo ndi bolodi lake, kuchonga mpando uliwonse wokwera pangoloyo.

Anapeza a Mawa akukangana ndi Mphezi, kalipentala wa zaka za m'ma makumi atatu, wamanja othamanga, amene dzina lake linkakhala pamwamba pa pepala mwezi uliwonse. Mkangano unali wa zopanira, zitsulo zija zimene amafinyira nazo mpando akaupaka guluu m'molumikizira kuti ugwirane. Zopanira zinali zochepa, ndipo a Mawa anali atamanga nazo mipando itatu kuyambira m'mawa.

"Madala, zitsulozi munakwatira?" anafunsa Mphezi. "Timasulireniko, enafe tili ndi ana."

"Mawa," anayankha mdalayo.

Oyandikira onse anaseka, pakuti dzinalo linachokera pomwepo. Ukawafunsa kuti mpando utha liti, yankho linali lomwelo chaka ndi chaka. Mphezi ananena kuti mdalayu bokosi lake adzakhoma yekha, ndipo anthu adzakhala pamaliro masiku atatu kudikira guluu kuti aume. A Mawa anayankha osadzutsa mutu kuti bola lawolo silidzagwedera pamapewa a anthu, koma la Mphezi adzalibweza kufakitale mwini wake ali momwemo.

Ataona mlamu wawo anavula chipewa mwanthabwala. Anam'funsa ngati akum'phikira mng'ono wawo, popeza Lamulungu anamuona ataonda ngati mwendo wa mpando. Chidindo anaseka monga ankayenera kusekera, koma maso ake anali pamanja awo. Mfundo za zala zinali zotupa. Pogwira puleni yopalira matabwa ankayamba aikonza kaye m'dzanja kawiri, ngati munthu wofunafuna pamalo posapweteka. Abwana sananame. Manja amatha.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, anapeza amuna ake pakhonde akusita malaya a kuntchito. Iwo anali dalaivala wa basi, ndipo sankalola munthu wina kukhudza mizere ya malaya amenewo. Chidindo anali ndi lamulo lake losabweretsa nkhani za mu ofesi kunyumba, ndipo analisunga zaka zonsezo. Tsikulo analiswa.

Amuna ake anaimika simbi. Poyamba anayesa nthabwala, kuti chidindocho achiponye m'chitsime, kalata yopanda chidindo ndi pepala lokulungira sopo. Ataona kuti mkazi wawo sakuseka, anayamba kum'kumbutsa zimene iye ankazidziwa kale. Achimwene atsala ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito. Akazi awo ali ndi shuga, mankhwala ndi a mwezi ndi mwezi. Mwana wawo wotsiriza ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino. Nanga ndani angalembe ntchito kalipentala wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wa zala zotupa?

"Sindikuti muname, mayi a ana," anatero pomaliza. "Ndikungoti amene anakulowetsani pageti lija ndi iwowo."

Iye anayankha kuti chimenecho ndicho chikum'manga pakamwa. Amuna ake anagwiranso simbi, ndipo malaya amodzi anawasita kawiri.

Lachitatu cha m'ma teni lole inabwera ndi mipando khumi ndi inayi kuchokera kumalo ena odyera. Wosunga katundu anali patchuthi, tchuthi chimene Chidindo anadinda yekha, ndiye dalaivala wa lole anakwera ndi pepala lobwezera katundu ku ofesi yake kuti aliyense amene alipo adinde, iye azipita. Pamzere wofunsa chifukwa chobwezera, mwini malo odyerawo anali atalemba liwu limodzi lokha ndi bolopeni yabuluu, n'kulitseka mzere kunsi kawiri: Yatha.

Chidindo analiyang'ana liwulo nthawi yaitali. Patebulo pake pomwepo panali mulu wa mapepala a kapitawo, amene ankawerengerapo malipiro. Pepala limenelo analikonza yekha zaka khumi zapitazo, atangomaliza sukulu yamadzulo, ndipo bambo a abwana analiyamikira kuti ndi losavuta. Linali ndi dzina la munthu, tsiku, ndi danga limodzi lalikulu lochongamo. Pamwamba pa dangalo panali liwu lomwelo: Watha. Mpando ukakwera pangolo, watha, munthu alipidwe. Mpando womwewo ukatsika pa lole miyendo ili tang'a, watha. Kampani inkalipira kutha koyamba n'kumalira ndi kutha kwachiwiri, ndipo palibe anafunsapo ngati kuwiriku kunali pachibale.

Anadinda pepala la dalaivala, anatenga makiyi a wosunga katundu, n'kupita kushedi.

Anali asanalowemo chiyambire. Munkanunkha chinyezi ndi vanishi. Mipando inali itaunjikana mpaka pafupi ndi denga, ndipo chimene chinam'dabwitsa n'chakuti inali yokongola. Vanishi ankawalabe, matabwa anali osang'aluka. Anagwira mwendo wa umodzi n'kukoka pang'ono, ndipo unatuluka ngati dzino la mwana. M'bowomo guluu anali atauma payekha, chikhakha chabe, osagwira mbali iliyonse. Atautembenuza mpandowo anaona nambala yolembedwa ndi pensulo kunsi kwake. Kalipentala aliyense ankalemba nambala ya benchi lake pamenepo kuti kapitawo asasokoneze zochonga.

Anayamba kutembenuza mipando umodzi umodzi, akulemba timizere kuseri kwa envulopu yakale. Ntchitoyo inam'fikitsa nthawi ya nkhomaliro. Siketi yake yakuda inayera ndi fumbi, ndipo m'tsitsi munali ukonde wa kangaude. Mipando yonse inali makumi asanu ndi atatu kudza isanu ndi iwiri. Ya benchi lachinayi, la Mphezi, inali makumi atatu ndi umodzi. Ina inagawikana m'mabenchi enawo. Ya benchi lachisanu ndi chinayi, la a Mawa, inali iwiri.

Anakondwa, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Envulopu imene inkapulumutsa alamu ake ndi yomweyo imene inkapachika Mphezi.

Anam'peza Mphezi kuseri kwa fakitale, atakhala pamulu wa matabwa, akudya m'kontena lake. Anam'funsa kuti guluu amafuna nthawi yaitali bwanji kuti agwire. Mphezi anayankha kuti zinalembedwa pachitini: tsiku lathunthu. Nanga iye amasiya nthawi yaitali bwanji? Maola awiri, anatero, kukatentha limodzi ndi theka. Sanabise, ndiponso sanachite manyazi. Anafotokoza kuti zopanira zonse za m'fakitalemo zingagwire mipando makumi awiri patsiku ngati aliyense atadikira, koma fakitale imatulutsa makumi asanu, ndipo kapitawo amadziwa, aliyense amadziwa. Mpando womasulidwa msanga umaoneka bwino lomwe. Umayamba kugwedera patapita miyezi, ukakhalidwa ndi anthu onenepa.

"Mayi, ine kuwerenga ndimatha. Chikwangwani chija ndimachiwerenga m'mawa uliwonse polowa. Koma pakutha pa mwezi simundilipira chikwangwani. Mumandilipira zochonga."

Anawonjezera kuti mapasa ake ayamba sukulu chaka chino, akazi ake sali pantchito, ndipo mbuzi imadya pomwe aimangirira. Kenako anayang'ana siketi ya Chidindo, anayang'ana envulopu ija, ndipo anasiya kutafuna.

"Mwachokera kushedi," anatero. "Ndiye mwapeza woti apite m'malo mwa alamu anu."

Chidindo anadzidzimuka kuti nkhani ya m'chipinda chotseka yafika kale pamulu wa matabwa. Koma fakitale ilibe chitseko. Anamuuza kuti sanapeze munthu aliyense. Mphezi anatseka kontena lake chakudya chisanathe, n'kubwerera kubenchi.

Lachinayi anadikira belu loweruka. Anthu atatuluka, a Mawa anatsala monga mwa masiku onse, akusesa pabenchi lawo ndi kupukuta zitsulo ndi kansanza ka mafuta. Chidindo anakhala pampando wosamalizidwa ndipo anawafunsa za mipando iwiri ija ya kushedi, yokhala ndi nambala yawo.

A Mawa anasesa kaye pamalo amene anali atasesa kale. Kenako ananena kuti unali mwezi umene akazi awo anagonekedwa kuchipatala. Pankafunika ndalama zoposa za masiku onse, ndiye kwa sabata imodzi anamasula zopanira nkhomaliro isanakwane, ngati wina aliyense. Sabata imeneyo anapanga mipando khumi ndi isanu ndi itatu, ndipo kapitawo anawagwira chanza. Iwiri yabwera. Inayo, anatero, ili m'njira.

"Musandiyese woyera, alamu. Ine ndimadikira guluu chifukwa ana anga ambiri anakula. Ndikanakhala ndi mapasa ngati mnzanga uja, bwenzi dzina langa lili Lero."

Za kalata ija a Mawa ankadziwa kale. Anamuuza kuti asakagwade chifukwa cha iwo, sanam'lowetse pageti kuti adzagwade. Ndiponso asakagulitse mwana wa eni. Akapulumuka ndi mutu wa Mphezi, adzaima bwanji pabenchi ili, moyang'anizana ndi benchi lopanda munthu? Anapachika tsache pamsomali wake, anavala chipewa, n'kumuuza kuti akam'patse moni mng'ono wawo woonda uja.

Chidindo anatsala yekha kanthawi pakati pa mipando itatu yomangidwa m'zopanira. Ankaganiza za sabata imodzi ija. Munthu wodekha kuposa onse m'fakitale muno, atapanikizika, anamvera pepala lake. Ndiye vuto silinali m'manja a munthu aliyense.

Lachisanu m'mawa analemba kalata ija, chifukwa inali ntchito yake. Anaisindikiza, anaiwerenga kawiri, koma sanadinde. Analowa nayo mu ofesi ya abwana pamodzi ndi envulopu yake yafumbi.

"Bwana, munthuyu ndi mlamu wanga, mukudziwa. Ndiye za iye sindinenapo kanthu. Kalata ndi iyi. Ndikungopempha kuti musanandiuze kudinda, tipite kushedi mphindi makumi awiri."

Abwana anayang'ana wotchi, anayang'ana nkhope yake, n'kudzuka.

Kushediko anawaonetsa manambala a kunsi kwa mipando. Abwana anatembenuza isanu, isanu ndi umodzi, khumi, ndipo nambala yachinayi inkangotuluka. Nkhope yawo inalimba. Ananena kuti ndiye kalatayo ili ndi dzina lolakwika, akaisinthe lero lomwe, ndipo anam'thokoza kuti wawaletsa kuchita cholakwa.

Apa m'pamene Chidindo anakoka mipando iwiri imene anaipatula pafupi ndi chitseko. Anaitembenuza kuti abwana aone nambala. Anawauza kuti iyi ndi ya munthu amene akuti amachedwa uja, ndipo anaipanga sabata yokhayo imene anafulumira, akazi ake ali m'chipatala. Kapitawo anam'gwira chanza sabata imeneyo, ndipo ofesi inam'lipira bwino kuposa masabata onse a chaka. Akachotsa Mphezi lero, pofika mwezi wamawa wina adzakhala Mphezi, chifukwa malo a pamwamba pa pepala sakhala opanda munthu.

Kenako anatulutsa mapepala awiri, la kapitawo ndi limene dalaivala wa lole anasiya, n'kuwaika pamodzi pampando kuti liwu lija lioneke pawiri.

"Chikwangwani chanu chikunena kuti mpando ukhale zaka zitatu. Pepala langa likunena kuti mpando ukwere pangolo. Anthu akumvera langa, bwana, chifukwa ndi limene amapita nalo kunyumba."

Abwana anakhala pa umodzi mwa mipando iwiri ija, ndipo unagwedera. Sanadzuke. Anangoponda pansi ndi miyendo yonse iwiri kuti asagwe, n'kufunsa chifukwa chimene iye sananenere zimenezi chaka chatha.

Chidindo anayankha kuti cholakwacho n'chake, ndipo sakuchikana. Pamene abwana ankasintha njira ya kampani anaitana wogula matabwa, anaitana wa vanishi, anaitana wotsatsa malonda. Iye sanamuitane, ndipo iyenso sanagogode, chifukwa ankaganiza kuti zimenezo ndi za akuluakulu, yake ndi kulipira zimene zachongedwa. Kampani inasintha matabwa, mtengo, ogula, ngakhale mtundu wa utoto wa pageti. Chimodzi chokha chinatsala mmene bambo awo anachisiyira, ndipo ndicho chinkauza manja a anthu chochita.

Abwana anafunsa kuti ndiye akufuna chiyani. Iye anali atalemba kale kuseri kwa envulopu ija, pansi pa timizere. Mpando uzichongedwa m'mawa wa tsiku lotsatira, ukamasulidwa m'zopanira, osati ukakwera pangolo. Popeza mipando idzachepa, malipiro a mpando umodzi akwere. Pakutha pa miyezi itatu iliyonse, mipando yobwezedwa ikachepa, fakitale yonse ilandire kenakake pamwamba, onse mofanana, kuti munthu akaona mnzake akumasula msanga azim'dzudzula yekha. Ndipo agule zopanira, zambiri, chifukwa palibe angadikire guluu mnzake ataima pambuyo pake kudikira zitsulo.

Anatsutsana nthawi yaitali, kupitirira mphindi makumi awiri zija. Abwana sanali munthu wovomera msanga, ndipo anali ndi mfundo. Ananena kuti mipando yochepa ndi malipiro okwera ndiyo njira yachidule yotsekera fakitale. Ananena kuti ogula ena sadzadikira. Ananena kuti akalipentala othamanga akaona kuti thumba lapepuka adzathawira kwina. Chidindo anavomera kuti mitengo ya matabwa saidziwa, ndipo kuti ena akhozadi kuchoka. Chimene ankadziwa n'chakuti mpando uliwonse m'shedi muno abwana analipirira kalipentala kawiri, lole kawiri, vanishi kawiri, koma anaugulitsa kamodzi.

Pomaliza abwana anati ayesa miyezi itatu, osawonjezera tsiku. Zopanira akagula zogwiritsidwa kale ntchito, ankadziwa munthu wina amene anatseka shopu yake. Koma anawonjezera kuti mlamu wakeyo manja ake ndi ochedwabe. Onse akayamba kudikira guluu, iye n'kutsalirabe kutali pansi pa pepala, adzakhalanso pansi kukambirana.

Chidindo sanatsutse. Anali atawaona manjawo.

Abwana anatenga kalata ija, anaipinda pakati, n'kuiika m'thumba la jekete. Atabwerera mu ofesi, Chidindo anamva dilowa ya tebulo la abwana ikutsekedwa.

Lolemba kapitawo analandira mapepala atsopano. Anali ofanana ndi akale m'zonse, kupatula liwu la pamwamba pa danga lalikulu. Tsopano panalembedwa kuti Wauma. Kapitawo anachoka pangolo paja, n'kuyamba kuzungulira mabenchi m'mawa belu likangolira, kumasula zopanira, kugwedeza mpando uliwonse ndi manja awiri asanachonge. Zitsulo zinabwera Lachitatu, zadzimbiri, m'matumba awiri.

Anthu sanaombe m'manja. Chidindo anawasonkhanitsa n'kuwafotokozera zonse mosabisa, ngakhale zoti othamanga kwambiri apita kunyumba ndi zocheperapo mwezi woyamba, mpaka cha pamwamba chija chitabwera, ngati chibwere. Ena anamvetsa. Ena ankanena m'makona kuti mayiyu wasintha malipiro a fakitale yonse kuti apulumutse mlamu wake, ndipo iye sakanatha kuwatsutsa mpaka kumapeto, chifukwa akanapanda kukhala alamu ake, kodi akanalowa m'shedi muja? Wina wa pabenchi lachiwiri anapereka kalata yosiya ntchito, ndipo iye anaidinda ndi mtima wolemera. Wina ananena kuti danga latsopanolo analitcha dzina la mutu wa a Mawa, pakuti m'fakitale yonse palibe chouma kuposa umenewo. Mphezi sankam'patsa moni.

Sabata yachiwiri Chidindo anatsikanso ndi mafomu a tchuthi. M'fakitale munali phokoso lomwelo, koma m'mphepete mwa khoma munali mzere wa mipando yomangidwa m'zitsulo, ili duu ngati odwala kuchipatala. Kapitawo anafika akuthamanga kuchokera pageti. Panali wogula amene anabwera ndi galimoto yake, ankafuna mipando inayi lero lomwe, ndipo pabenchi lachinayi panali inayi yopanidwa kuyambira m'mawa. Anam'funsa Mphezi ngati ingakwere pangolo, kamodzi kokha, munthuyo asabwerere chimanjamanja.

Mphezi anayang'ana mipandoyo. Anayang'ana Chidindo, nkhope ili gwa ngati thabwa. Kenako anaweramiranso puleni yake.

"Mawa," anatero.

Kuchokera pabenchi lachisanu ndi chinayi a Mawa ananena kuti dzinalo lili ndi mwini wake, ndipo wolibwereka azilipira lendi. Fakitale yonse inaseka, kapitawo yemwe. Mphezi sanaseke, koma zopanira sanazikhudze.

Chidindo anakwera masitepe kubwerera ku ofesi. Podutsa pakhomo pa abwana anaona dilowa ija, yotseka, kalata ili momwemo yopanda tsiku, yopanda chidindo. Kunatsala masabata khumi ndi imodzi. Anakhala patebulo pake, anatsegula kabokosi ka inki, n'kuyamba kudinda mafomu a tchuthi.